Siketi ya ovina ballet ndi madiresi a m'ma 1950: anatengera mnzake ndani, ndipo ndingaisoke bwanji?

Telala wa pa Kasungu boma

Ndakhala ndikusoka pakhonde la sitolo ina pano pa Kasungu boma kwa zaka 12, ndipo ntchito imene ndimaidziwa bwino ndi ya mayunifolomu a sukulu, zovala za chitenje ndi madiresi a operekeza ukwati. Sabata yatha kunabwera mphunzitsi wa pasukulu ina ya pulayimale amene akukonzekeretsa atsikana 8 kuti adzavine pa tsiku lotsekera teremu, ndipo anandionetsa pafoni yake zithunzi zakale za azimayi ovina gule wa Azungu wotchedwa ballet. Zithunzizo ndi za m'chaka cha 1946 ndi zaka zoyambirira za m'ma 1950, ndipo iye akufuna kuti anawo adzavale masiketi onga amene ali pazithunzipo, omwe dzina lake ndi tutu.

Ndinayesa kusoka imodzi ndi neti imene timasokera velo ya mkwatibwi. Ndinasanjikiza magawo atatu, n'kuwakwinya, n'kuwalumikiza ku lasitiki, koma mwana atavala, siketiyo inangolendewera ngati masamba a fodya ofota m'chigafa. Choncho funso langa loyamba ndi lakuti, kodi anzathuwo ankaisoka motani kuti izitambasuka yokha?

Funso lachiwiri ndi limene likundisowetsa mtendere kwambiri. Pa zithunzi zomwezo pali azimayi wamba a nthawi imeneyo, ndipo madiresi awo ndi othina m'chiuno, otambalala kwambiri kunsi, ofanana ndithu ndi zovala za ovinawo. Ngakhale diresi laukwati la agogo anga, limene lili pachithunzi chimene timasunga kunyumba, linasokedwa mwa mtundu womwewo. Kodi anatengera mnzake ndani, ovina kapena osoka mafashoni? Komanso ine monga munthu amene ndimawerengera mita iliyonse ya nsalu, sindikumvetsa kuti anthu amene anali atangotuluka kumene m'nkhondo anapeza kuti mtima wowononga nsalu yochuluka chonchi pa siketi imodzi.

Mphunzitsi wopuma ntchito, Mchinji

Mayi telala, za kasokedwe ndisiyira anzanu a singano, koma funso lanu lachiwiri ndiliyankha, pakuti yankho lake lili m'mawu anu omwe aja onena za kuwerengera nsalu.

Ku Britain boma linayamba kugawa zovala ndi makuponi mu June 1941, ndipo linasiya mu March 1949, patatha zaka pafupifupi zinayi nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha. Ife amene tinazolowera makuponi a feteleza tikhoza kumvetsa msanga mmene zinalili: munthu ankalandira makuponi 66 pa chaka poyamba, kenako chiwerengerocho chinatsika, ndipo ngakhale ukhale ndi ndalama sukanagula diresi popanda kupereka makuponi. Panalinso malamulo oletsa telala kuika matumba, mabatani ndi makwinya opitirira muyezo. Siketi ya m'nthawi ya nkhondo inali yowongoka, yolekeza m'mawondo, ndipo jekete linali la mapewa otukuka ngati la msilikali. Nayiloni, imene kampani ya DuPont ya ku America inali itangoyamba kumene kupangira masokosi a azimayi, inatengedwa kukapangira maparachuti.

M'nyengo yotereyi ndi mmene nyumba ya zisudzo ya Royal Opera House, ku Covent Garden mumzinda wa London, inatsegulidwanso pa 20 February 1946. M'nthawi ya nkhondo nyumbayi inali itasandutsidwa holo yovinira dansi. Gulu la Sadler's Wells Ballet, limene ankalitsogolera Ninette de Valois, linasankha kutsegulira ndi gule wa The Sleeping Beauty, Margot Fonteyn akuvina ngati mwana wamkazi wa mfumu, ndipo Mfumu George VI ndi banja lake anabwera kudzaonerera. Tangoganizani kusankha kumeneku. Nkhani yake ndi ya nyumba yachifumu imene inagona tulo zaka 100 kenako n'kudzuka, ndipo imafuna ovina ochuluka, aliyense ndi chovala chake chaulemerero, m'dziko limene nsalu ndi penti zinali zosowa ndipo patangopita miyezi yochepa linayamba kugawa ngakhale buledi. Amene anajambula zovalazo, Oliver Messel, anali katswiri wosandutsa zinthu zotchipa monga mapepala, waya ndi nsalu wamba zopakidwa utoto kuti munthu wokhala kutali aziona ngati golide ndi silika. Ichi ndi chinthu choyamba chimene ndikufuna muchigwire: ulemerero umene mukuuona pa zithunzi za 1946 unali wa maso chabe, ndipo ankaupanga ndi luso, osati ndi chuma.

Patatha chaka chimodzi, pa 12 February 1947, wokonza mafashoni wa ku France, Christian Dior, anaonetsa zovala zake zoyamba mumzinda wa Paris, zimene mkonzi wa magazini ya Harper's Bazaar, Carmel Snow, anazipatsa dzina lakuti New Look. Mapewa anali ofewa, chiuno chomangidwa zolimba, siketi yaitali ndi yotambalala, yodya mamita ochuluka. Amene anaika ndalama mu bizinesi ya Dior anali Marcel Boussac, mwini mafakitale a nsalu za thonje, ndipo inu mukudziwa bwino kuposa ine chimene wogulitsa nsalu amamva akaona siketi yotero. Si onse anakondwera. Akuluakulu ena a boma la Britain anadandaula kuti kumeneku n'kuwononga, ndipo ku America azimayi ena anapanga magulu okana masiketi aatali. Komabe fashoniyo inapambana, ndipo inalamulira mpaka chapakati pa zaka za m'ma 1950, n'kufika ndi kuno komwe kudzera m'mapatani ndi m'magazini. Diresi la agogo anu linachokera mumtsinje umenewo.

Tsono anatengera mnzake ndani? Siketi yaitali ya neti ndi ya ovina kuyambira kalekale, pakuti wovina wotchuka Marie Taglioni anaivala kale mu 1832 ku Paris. Dior mwiniwake ankatchula maluwa ndi madiresi amene amayi ake ankavala iye ali mwana. Koma anthuwa ankakhala mumzinda umodzi ndipo ankadyera limodzi: Dior anajambulapo zovala za gule wa Roland Petit, wopeka magule wa ku France, mu 1947, Fonteyn ankavala za Dior akachoka pansanja, ndipo pamene gulu la Sadler's Wells linapita ku New York mu October 1949, makampani a zovala a ku Britain anaveka atsikanawo zovala zapaulendo kuti azitsatse malonda ku America. Ine ndimaona kuti onse awiri ankamwa pachitsime chimodzi. Anthu amene akhala zaka zambiri akuwerengera mabatani amalakalaka nsalu monga mmene munthu wotuluka m'chaka cha njala amalakalakira kuona nkhokwe yodzaza, ngakhale ikhale ya mnzake.

Wosoka za maukwati, Santhe

Achemwali anga, vuto lanu lili pa neti ndi pamene mwaisokerera. Neti ya velo ndi yofewa, inapangidwa kuti izigwa. Imene mukufuna ndi yolimba ija timaika mkati mwa diresi la mkwatibwi kuti lifufume, ndipo imapezeka m'masitolo a nsalu ku Lilongwe, kapena mukhoza kuisomola m'madiresi akale aukwati a pakaunjika, imene nthawi zambiri imakhala yabwino kuposa yatsopano.

Pa zithunzi za zaka zimenezo pali mitundu itatu, ndipo muyenera kumufunsa mphunzitsiyo kuti akufuna uti. Woyamba ndi wautali, wofika pakati pa bondo ndi kakolo, umene Aphunzitsi a ku Mchinji autchula. Wachiwiri ndi waufupi, wotambasuka ngati lichero, umene umakhala ndi magawo 10 kapena kuposerapo ndiponso waya wozungulira wolowetsedwa m'gawo limodzi lapakati. Wachitatu ndi umene unabadwa nkhondo itatha, ndipo mwini wake ndi mayi wina wosoka, Barbara Karinska, wobadwira ku Kharkiv m'dziko la Ukraine, amene ankasokera gulu la New York City Ballet. George Balanchine, amene ankapeka magule a gululo, ankaika atsikana ambiri pansanja moyandikana ndipo ankawavinitsa mothamanga. Masiketi a waya ankagundana, ndipo wovina akaima, siketi inkapitiriza kugwedera yokha. Mu 1950, pokonza zovala za gule wa Symphony in C, Karinska anachotsa waya, nafupikitsa siketi, naika magawo 6 kapena 7 okha, lililonse lotalikirapo pang'ono kuposa la pansi pake, n'kuwagwirizanitsa ndi ulusi womasuka. Siketi yotero imayenda ndi thupi, ndipo imaima pamene mwini wake waima.

Chinsinsi chimene inu munachiphonya n'chakuti magawowo sasokereredwa pamzere umodzi wa lasitiki. Mumayamba mwasoka kabudula wamkati wa nsalu yolimba, n'kujambulapo mizere yozungulira motalikirana pang'ono, ngati kukula kwa chala. Gawo lililonse la neti mumalikwinya palokha, ndipo ine ndimadula lotalika katatu kapena kanayi kuposa mzere wake, kenako mumalisokerera pamzere wake, lalifupi kwambiri kunsi, lalitali pamwamba. Magawo apansi ndi amene amanyamula apamwamba, monga mmene mitengo ya phaso imanyamulira udzu. Mukamaliza, mumagoneka siketiyo patebulo n'kulumikiza magawowo ndi singano ya pamanja, osakoka ulusi. Poisunga muziipachika chadodolido kapena kuigoneka, apo ayi ifota.

Chapamwamba nacho chili ndi luso lake. Karinska ankadula zidutswa zam'mbali mopingasa nsalu kuti chovala chigwire thupi koma wovina azitha kupuma, zimene ifenso timachita pa madiresi othina. Kumbuyo saika zipi koma tingowe, ndipo amaika mizere iwiri kapena itatu ya mokolekamo, kuti chovala chimodzi chikwane anthu osiyana matupi. Kwa sukulu imeneyi ndi nzeru yaikulu, chifukwa chaka chamawa kudzabwera ana ena.

Chomaliza ndikuchinena ndi mtima wonse. Neti yakale inali ya thonje loumitsidwa ndi sitachi ndipo inkayaka ngati udzu wa m'chilimwe, moti wovina wina wa ku Paris, Emma Livry, anapsa mu 1862 siketi yake itakhudza nyali ya pansanja, ndipo anamwalira chaka chotsatira. Ya nayiloni imene inafala nkhondo itatha imasungunuka n'kumatirira pakhungu. Musaiyandikize simbi yamakala, ndipo muwauze aphunzitsiwo kuti pasadzakhale kandulo kapena mbaula pafupi ndi anawo.

Mnyamata wa mganda, Chamama

Ndikupempha Aphunzitsi andilole kusiyana nawo pang'ono, ngakhale ndine mwana. Zimene afotokoza ndi zoona, koma ndi mbali imodzi yokha, chifukwa m'zaka zomwezo panali ena amene nkhondo inawachititsa kunyansidwa ndi zokongoletsa. Mu April 1946, m'nyumba yomwe ija ya ku Covent Garden, wopeka magule Frederick Ashton anaonetsa Symphonic Variations, gule wa anthu 6 okha, atsikana atavala timalaya toyera tatifupi topanda chokometsera. Chaka chomwecho ku Paris, Roland Petit anaika pansanja wovina wamwamuna Jean Babilée atavala ovololo ngati munthu wa ntchito zamanja. Mu February 1949, pa gule wa Carmen amene anayamba kuonetsedwa ku London, Zizi Jeanmaire anameta tsitsi lalifupi n'kuvina wopanda siketi konse. Ndipo Balanchine yemweyo amene Karinska ankamusokera anataya zovala zolemera za gule wa The Four Temperaments mu 1951, n'kusiya ovina ndi zovala zothina zakuda ndi zoyera zimene amavala pokonzekera. Chifukwa chake chinali chakuti zovala zoyambazo zinkabisa thupi, pomwe gule ali m'thupimo.

Ife a mganda timaidziwa bwino mfundo imeneyi. Gule wathu naye ndi mwana wa nkhondo, pakuti mizere yathu, kuguba kwathu ndi malipenga athu a zikho zinatengera perete wa asilikali a King's African Rifles, omwe anamenya nawo nkhondo zonse ziwiri ndipo pa yachiwiriyo anafika mpaka ku Burma. Timavala malaya, kabudula ndi masokosi aatali, zonse zochapa ndi kusita bwino, ndipo boma la mganda likalowa m'bwalo anthu amayamba ayang'ana ukhondo ndi kufanana kwa zovala asanayang'ane sitepe. Kabudulayo amaonetsa bondo, ndipo amene walakwitsa phazi sabisika. Choncho anawo akafanana bwino ndiponso miyendo yawo ikamaoneka, theka la ntchito yanu latha, Mayi, ngakhale neti ikhale yochepa.

Koma chimene chandichititsa kulemba ndi mtundu wa masokosi ndi nsapato. Pa zithunzi zimenezo ovina amavala zapinki, ndipo cholinga chake chinali chakuti mwendo ndi phazi zioneke ngati khungu limodzi losadukiza. Linali khungu la Mzungu. Janet Collins, mtsikana wakuda wa ku America, atayesedwa ndi gulu la Ballet Russe de Monte Carlo anauzidwa kuti azidzola zoyera kumaso ndi m'thupi, iye n'kukana, ndipo mu 1951 anadzakhala wovina wamkulu ku Metropolitan Opera, nyumba yaikulu ya zisudzo ya ku New York. Mu 1957 Balanchine anavinitsa Arthur Mitchell, mwamuna wakuda, ndi Diana Adams, mzimayi wachizungu, mu gule wa Agon, pa nthawi imene tsankho linali lamphamvu ku America. Mitchell yemweyo anayambitsa Dance Theatre of Harlem mu 1969, ndipo gululo linayamba kunyika masokosi ndi nsapato mu utoto wofanana ndi khungu la wovina aliyense. Kwa zaka zambiri ovina akuda ankapaka okha nsapato zawo ndi zodzola za kumaso, ndipo kampani ya Freed of London inayamba kugulitsa zabulauni mu 2018. Ndikupempha kuti ana athu a ku Kasungu asavekedwe miyendo yapinki.

Mphunzitsi wopuma ntchito, Mchinji

Mwana wanga wa ku Chamama, wanena zoona, ndipo ndikuvomera kuti ndinatsamira mbali imodzi. Ndingowonjezera kuti mbali yako nayo inalowa m'mafashoni. Nsapato zafulati zimene atsikana amagula pakaunjika lero zinachokera kwa ovina: Rose Repetto, amayi ake a Roland Petit, anayamba kusoka nsapato za ballet ku Paris mu 1947, ndipo mu 1956 anasokera katswiri wa m'mafilimu Brigitte Bardot zoyendera mumsewu.

Mayi telala, pa nsapato zoimira kunsonga kwa zala musagonje ngakhale makolo akakamize. Nsonga yake ndi nsalu ndi mapepala zomatidwa ndi guluu, ndipo amene amazivala ndi amene aphunzira zaka zingapo, mafupa a phazi atakhwima, kawirikawiri osachepera zaka 11 kapena 12. Ana a pulayimale avine ndi nsapato zofewa za nsalu kapena opanda nsapato.

Muwauzenso anawo kuti gule ameneyu sanali kutali ndi ife monga mmene zithunzi zikuonetsera. Merle Park anabadwira ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, mu 1937, ndipo analowa Sadler's Wells Ballet mu 1954, dziko lathu lili m'chitaganya chimodzi ndi kwawoko. Johaar Mosaval wa ku District Six mumzinda wa Cape Town, amene malamulo a tsankho ankamutsekera zitseko kwawo, anapita ku London n'kukhala mmodzi wa ovina akuluakulu a gulu lomwelo, limene mu 1956 linapatsidwa dzina lakuti Royal Ballet.

Telala wa pa Kasungu boma

Zikomo kwambiri nonse. Dzulo ndinakhala pansi ndi mphunzitsi uja ndipo tagwirizana kuti tisoke mtundu wa Karinska, koma wotalikirapo kufika m'mawondo, chifukwa makolo ena sangalole ana awo kuonekera pagulu ndi siketi yaifupi. Ndasomola kale neti yolimba m'madiresi awiri a pakaunjika, ndipo siketi yoyesera ya magawo 6 yatambasuka monga mmene Achemwali a ku Santhe ananenera, ngakhale kuti singano ya makina anga inathyoka kawiri pa makwinya. Chapamwamba ndidula ku chitenje cha maluwa ang'onoang'ono, kumbuyo ndiika tingowe m'mizere iwiri, ndipo anawo adzavina miyendo yawo ili pamtunda, ndi nsapato za nsalu zonyikidwa mu utoto wabulauni. Chimene chatsala n'chakuti gawo lapamwamba likupindikira m'mwamba kutsogolo mwana akawerama. Achemwali, kodi ndiwonjezere ulusi wolumikiza magawowo, kapena ndatsitsa kwambiri mzere woyamba pakabudula?